Kambewa kamizere ndi mtengo wa paini: champhamvu n'chiti?

Bambo wina wochokera ku Dedza, amene amagwira ntchito ya m'galadeni papuloti ina ku Chartwell, kumpoto kwa Johannesburg, walemba motere: "Chaka chatha abwana anandipatsa mbande 40 za paini kuti ndibzale m'mbali mwa mpanda zizitchinga mphepo. Zinagwira bwinobwino. Koma kuyambira mu June timitengoti tayamba kuuma kamodzikamodzi, pano tafa 11, ndipo m'tsinde mwake khungwa ndi losendeka. M'mawa dzuwa likatuluka ndimaona timbewa tamizere kumsana tikuthamanga mu udzu. Abwana akuti ndikagule mankhwala. Mnzanga wa ku Mzimba akuti n'zosatheka kambewa kupha paini, poti iye anakulira pafupi ndi Chikangawa ndipo amaidziwa mitengoyo. Tatsutsana mpaka usiku. Kodi pa ziwirizi champhamvu n'chiti? Nanga mbewazi n'zodyedwa ngati zakwathu?"

Achimwene, zikomo chifukwa cha funso lanu. Inu ndi anzanu a ku Mzimbawo nonse mukunena zoona, kungoti mukukamba za mtengo umodzi pa misinkhu iwiri yosiyana. Iwo akukumbukira paini wa zaka 20, wa thunthu loti munthu sangalikumbatire bwino. Inu mukuyang'ana paini wa chaka chimodzi, wa tsinde lonenepa ngati chala. Woyambayo mbewa ilibe naye chochita. Wachiwiriyo ikhoza kumupha usiku usanagwe.

Ndiyambe ndi kambewako, chifukwa mwakafotokoza bwino moti sindikukayika. Kali ndi mizere inayi yakuda yoyenda kuchoka pakhosi mpaka potulukira mchira, ndipo pakati pa mizereyo pali ubweya wowala. Makutu ake ndi ofiirira. Kwathu mbewa zamizere kumsana ambiri timazitcha mphera, Mabunu kuno amati streepmuis, ndipo m'mabuku a sayansi mtundu wake ndi Rhabdomys. Kale zonse za mtunduwu zinkatchedwa Rhabdomys pumilio, koma akatswiri atazifufuza bwino anapeza kuti ndi mitundu ingapo, ndipo ya m'madera a udzu kuno ku Gauteng tsopano amaitcha Rhabdomys dilectus. Imapezekanso kwathu kumalo okwera ndi ozizira monga ku Nyika. Yaikulu imalemera magalamu 40 kapena 50, ngati dzira limodzi la nkhuku, ndipo thupi lake ndi lotalika masentimita 10 kapena 12, mchira n'kukhalanso chapomwepo.

Chimene chimaisiyanitsa ndi kapuku komanso khoswe wa m'nyumba n'choti iyo imayenda masana. N'chifukwa chake mukuiona ndi maso. Imatuluka m'mawa chisanu chikayamba kusungunuka, kuothera dzuwa pang'ono, n'kuyamba kusaka chakudya, kenako imabisala dzuwa likakwera n'kudzatulukanso chakumadzulo. Mukagwada pansi n'kupatula udzu ndi manja muona mipita yake, tinjira tosalala todutsa pansi pa udzu ngati timapaipi, ndipo m'mipitamo mupeza tizidutswa ta udzu wodulidwa ndi tindowe take. Simakonda kudutsa pamtetete. Chimenechi muchisunge, chifukwa mankhwala enieni a vuto lanu ali pomwepo.

Tsopano mtengowo. Thyolani kanthambi n'kuyang'ana masamba ake onga singano aja. Sakhala limodzilimodzi, amakhala m'timitolo. Ngati kamtolo kali ndi masamba atatu, nthawi zina anayi, aatali masentimita 20 kapena kuposerapo, ofewa, olendewera pansi ngati mchira wa hatchi, ndiye kuti ndi Pinus patula, paini yemwe uja wa ku Chikangawa, wa paphiri la Zomba ndi wa kwanu ku Dedza. Mukapeza awiriawiri ndi aafupi, ndi mtundu wina, koma zonse zimene ndinene pano zikugwirabe ntchito. Pinus patula kwawo ndi ku Mexico, kumapiri a kum'mawa kwa dzikolo, kumalo okwera mamita 1,500 mpaka 3,000 kumene kumakhala nkhungu ndi mvula. Anafika mu South Africa mu 1907, ndipo lero wadzaza mapiri a ku Sabie ndi Graskop ku Mpumalanga ndi madera ena a KwaZulu-Natal. Kwathu boma linabzala nkhalango ya Viphya, imene ndi Chikangawa yomweyo, mahekitala pafupifupi 53,000, poganiza zomanga fakitale yopanga zipangizo za mapepala, koma fakitaleyo sinamangidwe, mitengoyo n'kusanduka ya matabwa. Johannesburg ili pamalo okwera mamita pafupifupi 1,750, ndiye kuzizira kwa kuno amakupirira, ngakhale mvula ya kuno imamuchepera poyerekeza ndi ya ku Sabie. Akapeza malo omuyenera amafika mamita 30.

Ndiye kanthu kolemera ngati dzira kangaphe bwanji chinthu chodzafika mamita 30? Yankho lili pansi pa khungwa. Moyo wa mtengo suli pakati pa thunthu ayi. Pakatipo ndi thabwa chabe. Madzi ochokera m'mizu amakwera kudzera m'thabwa lanthete la kunja, koma chakudya chimene masamba amapanga ndi dzuwa chimatsika kupita kumizu kudzera m'kachikopa kopyapyala, konyowa, kotsekemera pang'ono, kamene kali pansi penipeni pa khungwa. Amene munasendapo luzi kumtengo wa mombo mukukadziwa, ndi koterera kaja kamene kamatsala m'manja. Mukudziwanso zimene zimachitika munthu akasenda khungwa lonse mozungulira kuti apange mng'oma wa njuchi: mtengo umaoneka wamoyo kwa kanthawi, kenako umauma chiimire. Mbewa ikuchita zomwezo. Imakukuta khungwa pofuna kachikopa kotsekemerako, ndipo pa tsinde lonenepa ngati chala, kuzungulira konse ndi masentimita 4 kapena 5 basi. Ikamaliza kuzungulira, msewu wa chakudya waduka. Madzi amapitirirabe kukwera, n'chifukwa chake masamba amakhalabe obiriwira milungu ingapo ndipo mwini wake sadziwa kanthu. Koma mizu ikufa ndi njala pansipo. Tsiku limene mukuona nsonga ikufiira, mtengowo unafa kale.

Apa paini ali ndi chofooka china chimene bulugamu alibe. Bulugamu mukamudula amaphukira pachitsa, mphukira zisanu kapena khumi. Pinus patula saphukira. Akadulidwa kapena kusendedwa m'munsi mwa nthambi zake zonse, zake zathera pomwepo. Choncho 11 mwatayayo musaidikire, izuleni.

Musanaimbe mlandu mbewa yokha, gwadani pa kamtengo kamodzi kakufako muyang'anitsitse bala lake. Mano akutsogolo a mbewa ndi awiri m'mwamba awiri m'munsi, amakula moyo wake wonse, ndipo amasiya timizere tiwiritiwiri togundizana, topingasa uku ndi uku, kuyambira pansi mpaka pamene kanyamako kangafikire kataimirira, mwina chikhatho chimodzi kapena ziwiri. Pansi pamakhala tinyenyeswa ta khungwa, ndipo pabalapo pamatuluka timadontho ta utomoni. Mukaona zimenezo, ndi mbewa. Ili ndi mnzake pa ntchitoyi, mbewa yonenepa ya mchira waufupi yokhala m'madambo, imene kuno amati vlei rat, ndipo ngati pulotiyo ili ndi malo a chinyontho mwina zikuthandizana. Koma ngati kamtengo kadulidwa kamodzi n'kamodzi mopendekeka ngati ndi mpeni, ameneyo ndi kalulu. Ngati khungwa lakutidwa ndi dothi, ndi chiswe. Ndipo pali mdani wina amene ndamuona kambirimbiri m'magaladeni a kuno, makina odulira udzu a chingwe aja. Chingwecho chikamenya tsinde lanthete chimasenda khungwa mozungulira ngati mbewa yomwe, koma bala lake limakhala lophwanyika, lopanda timizere ta mano. Ndikunena izi chifukwa mbewa zambiri zaphedwa pa mlandu wa makina.

Mwati vutoli layamba mu June, ndipo zimenezi zikugwirizana ndi moyo wa mbewayi. Kuno mvula imagwa kuyambira October mpaka March, ndipo nthawi imeneyo mbewa yamizere imakhala pa ntchito yoswa. Bere lake ndi la masiku pafupifupi 25, imaswa ana asanu kapena kuposerapo nthawi imodzi, ndipo mwana wa miyezi iwiri amakhala atakhwima kale moti akhoza kuswa akeake. Pofika April udzu umakhala wodzaza ndi mbewa. Kenako mvula imaleka, chisanu chimawaula udzu wonse, nthangala zimatha, ziwala ndi tizilombo tina timasowa. Khamu lonse lija limakhala ndi njala ndi ludzu, ndipo chinthu chokhacho chobiriwira ndi chamadzi chimene chatsala pamalopo ndi timitengo tanu, timene mwina mumatithiriranso. Mbewa sikonda paini kuposa zakudya zina, utomoni wake suikomera kwenikweni. Ikudya chifukwa palibe china. Mvula ikagwa udzu n'kuphuka, idzawasiya.

Mukafuna kuyerekeza ziwirizi, yerekezani mmene chilichonse chimagwiritsira ntchito nthawi. Mbewa yamizere kutchire kawirikawiri sipitirira chaka ndi miyezi yochepa. Pafupifupi chilichonse chimaidya: akadzidzi, akabawi, njoka, likongwe, amphaka. Nzeru yake ndi kufulumira, kukhwima msanga, kuswa ambiri, kuti ngakhale ochuluka adyedwe ena atsale. Paini ndi wodekha. Amatenga zaka zisanu kapena kuposerapo asanayambe kubereka, ndipo chipatso chake cholimba chija, chooneka ngati kananazi kouma, chimatenga pafupifupi zaka ziwiri kuti chikhwime. Safuna njuchi, mungu wake wachikasu umangouluka ndi mphepo, ndipo njere zake zili ndi kaphiko kotengeka ndi mphepo yomweyo. Ndi zazing'ono moti pakilogalamu imodzi zimapitirira 100,000. Wa matabwa amadulidwa ali ndi zaka 25 kapena 30. Pa nthawi imeneyo mibadwo ya mbewa yoposa 50 imakhala itabadwa n'kutha pansi pake. Koma taonani pamene zikufanana: zonse ziwiri zimabala zochuluka podziwa kuti ana ambiri sadzakula. Kwawo ku Mexico paini amataya mbande zosawerengeka kwa mbewa, agologolo ndi moto, ndipo nkhalango imakhalapobe. Kwa inu kutaya 11 n'kowawa chifukwa munali ndi 40 zokha, ndipo iliyonse munaikumbira dzenje ndi manja anu.

Nthawi imene mbewa ili ndi mphamvu pa paini ndi yaifupi, zaka zitatu kapena zinayi zoyambirira. Zikadutsa zimenezo khungwa la m'munsi limakhuthala n'kuchita mamba, mano a mbewa safikanso pa kachikopa kaja. Kenako zinthu zimatembenuka. Nthambi zimakumana m'mwamba, mthunzi umada, masamba ouma amagwa chaka ndi chaka n'kuyala mphasa yokhuthala imene siwola msanga, ndipo udzu umafa. Ndili mnyamata ndikuphunzira za nkhalango kwanu ku Dedza, tinkachoka pamalo a mbande zongobzala kumene, pamene phazi lililonse linkadzidzimutsa mbewa kapena chiwala, n'kulowa m'nkhalango ya zaka 15. M'menemo munali zii. Pansi pali pofewa ngati matiresi, pofiira, popanda udzu ngakhale umodzi, ungomva mphepo ikulira m'mwamba. Ndinafukula masambawo ndi dzanja, ndinapeza ulusi woyera wa bowa ndi fungo la chinyontho, koma mpita wa mbewa sindinaupeze. Paini akakula salimbana ndi mbewa, amangoilanda mudzi wake wonse. Anzanu a ku Mzimba anaona mbali imeneyi.

Ulusi woyera uja ndiutchuleko pang'ono, chifukwa mudzaufuna pobwezeretsa mbande zakufazo. Mizu ya paini imakhala pa ubale ndi bowa wina wa m'nthaka amene amaithandiza kuyamwa madzi ndi chakudya. Popanda bowayo mbande imachita chikasu n'kupinimbira. N'chifukwa chake kunazale timasakaniza dothi lotapa pansi pa paini wamkulu m'machubu. Chikhatho chimodzi pa dzenje chimakwana.

Pali mbali ina imene ndikufuna abwana anu aimve, ngakhale sinali m'funso lanu. Pa ziwirizi, mwini malo ndi mbewa. Golide asanapezeke mu 1886, kuno kunali udzu wokhawokha, mitengo ili m'timapiri ta miyala ndi m'mphepete mwa mitsinje basi. Mukafuna kuona mmene kunalili, pitani ku Melville Koppies kapena ku Klipriviersberg, malo osungirako zachilengedwe a mu Johannesburg momwemuno. Mitengo yambiri imene yaphimba Johannesburg lero inachita kubzalidwa, yoyambirira inali ya mizati ya m'migodi. Mbewa yamizere inali mu udzuwo kalekale, ikudya nthangala ndi tizilombo, nayonso ikudyetsa mbalame ndi njoka. Ku Cape abale ake amanyamulanso mungu wa maluwa ena a protea amene amamera chapansi. Paini ndi amene anabwera. Kulakwa kwake si kubwerako, poti ndi iye amene watipatsa matabwa a denga, mabenchi a kusukulu ndi ntchito za anthu ambirimbiri ku Mpumalanga ndi ku Chikangawa komwe. Vuto lake n'loti sakhala pamene wamuika. Njere zamaphiko zija zimauluka n'kukamera mu udzu wachilengedwe ndi m'mbali mwa mitsinje, ndipo mtengo wobiriwira chaka chonse umamwa madzi ambiri kuposa udzu umene umagona m'nyengo yozizira. Ku Mulanje paini anafalikira paphiri mpaka kulanda malo a mkungudza wathu, anthu n'kuvutika zaka zambiri akumudula. Kuno lamulo la madzi la 1998 limawerengera nkhalango zobzala ngati ntchito yochepetsa madzi m'mitsinje, ndipo Pinus patula ali pa mndandanda wa boma wa zomera zolowerera, m'gulu lachiwiri, lofuna chilolezo kuti munthu azibzale. Abwana afunse ku ofesi ya zachilengedwe asanagule mbande zina. Ngati cholinga ndi kutchinga mphepo basi, ine ndikanabzala m'mipata 11 ija mitengo ya konkuno monga karee kapena wild olive, imene imapirira chisanu ndi chilala ndipo manazale ambiri a kuno amagulitsa.

Za mankhwala, achimwene, ndikupemphani ndi mtima wonse, musagule. Makamaka aja ogulitsidwa m'timapepala m'misewu ndi m'masiteshoni a taxi, timibulu takuda tonga tameki wa kwathu, amene kuno amati two step kapena galephirimi. Mu October 2024 ana asanu ndi mmodzi anamwalira ku Naledi ku Soweto, ndipo a zaumoyo anapeza kuti chinawapha ndi terbufos, mankhwala a kumunda amene anthu amagula mobisa kuti aziphera makoswe. Papuloti pali agalu, nkhuku, mwinanso ana a antchito anzanu. Ngakhale mankhwala ovomerezeka a m'sitolo, aja opangitsa magazi kusaundana, ali ndi vuto lawo panja. Mbewa ikadya simafa pomwepo, imayenda mozandima masiku angapo, ndipo yoyenda mozandima ndi imene kadzidzi amayamba kugwira. Mukapha kadzidzi mmodzi mwachotsa mlonda amene amadya mbewa usiku uliwonse osalipidwa. Ndikudziwa kuti kwathu kadzidzi timamuopa, akalira padenga anthu sagona. Koma pa ntchito ya mitengo ndi bwenzi, ndipo ku Alexandra, dera lina la mu Johannesburg, anthu anafika pomuikira mabokosi m'masukulu kuti athandize kuchepetsa makoswe. Komanso mankhwala sathetsa kanthu pamalo ngati anuwo. Mukapha za m'mbali mwa mpanda, za kuseri kwa mpanda zimalowa m'mipita yomweyo sabata isanathe.

Chimene chimagwira ntchito ndi khasu. Ndinati mbewayi simadutsa pamtetete, chifukwa ikudziwa kuti m'mwamba muli maso. Lambulani udzu kuzungulira kamtengo kalikonse, mita imodzi mbali zonse, mpaka dothi lioneke, ndipo ngati n'kotheka lambulani mzere wonse wa mpandawo. Udzu mwadulawo musauunjike m'tsinde poganiza kuti usunga chinyontho, chifukwa mukatero mwaimangira nyumba pakhomo pa chakudya. Uchotseni, pamodzi ndi milu ya zinyalala, njerwa ndi malata akale zimene zili pafupi. Musatenthe, poti paini wamng'ono khungwa lake ndi lopyapyala ndipo moto wa mu August ukhoza kumaliza 29 yotsalayo pa ola limodzi.

Mukatero vekani kamtengo kalikonse. Waya wa timabowo ting'onoting'ono, toti chala chaching'ono sichingalowe, ndiye wabwino. Mudule chidutswa chotalika masentimita 40 kapena 50, muchipinde ngati paipi yotakasuka kuzungulira tsinde, n'kuchikwirira pansi pang'ono kuti mbewa isalowere m'munsi. Waya wa khola la nkhuku mabowo ake ndi aakulu, imadutsamo. Ngati abwana sakufuna kuwononga ndalama, mabotolo a zakumwa a malita awiri odula kumutu ndi kumunsi amathandiza, koma muwaboole m'mbali kuti mpweya uzilowa, ndipo mudzawachotse tsinde likamakula. Timitengo timene takukutidwa mbali imodzi yokha, khungwa lotsala n'kukhala loposa theka, musatizule. Utomoni utseka balalo ndipo khungwa latsopano lidzayenda kuchokera m'mbali.

Pomaliza zikani mitengo iwiri kapena itatu yaitali mamita atatu m'mbali mwa mzerewo, iliyonse ndi kamtanda pamwamba. Kuno kuli kabawi wina woyera kumimba, wotuwa kumsana, wa mapewa akuda ndi maso ofiira, amene mumamuona atakhala pa mawaya a magetsi kapena ataima malo amodzi m'mwamba akukupiza mapiko. Mbewa zoyenda masana ngati zimenezi ndiye ndiwo zake. Mukamupatsa pokhala, masana alonda iye, usiku alonda kadzidzi.

Za kudya, ndikumvetsa. Munthu wa ku Dedza akaona mbewa yonenepa amakumbuka mpani wa pamsewu wa ku Lilongwe ndi nsima yamgaiwa. Mbewa yamizere payokha ilibe poizoni. Koma za kuno musadye. Kumudzi mbewa imakhala itadya chimanga ndi mtedza wa m'munda mwanu, ndipo mumadziwa amene wathira mankhwala ndi amene sanathire. Papuloti ya ku Chartwell simudziwa chimene aneba aika kuseri kwa mpanda, ndipo mbewa imene yadya mankhwala dzulo lero imaoneka yabwinobwino. Kuwamba kapena kuphika sikuchotsa mankhwalawo. Mukapeza yakufa yokha musaigwire ndi manja, itoleni ndi fosholo muikwirire mozama pamene galu sangafukule.

Kulambulako muyambe sabata ino, chifukwa August ndi September mvula isanagwe ndi pamene njala ya mbewa imafika pachimake. Chaka chamawa mudzalambule mu April, udzu usanaume, ndipo mudzabwereze chaka chinacho. Anzanu a ku Mzimbawo muwatengere kumpandako Lamlungu, agwade aone okha timizere ta mano pa tsinde.